Kamwala ka Maginito ndi Mwana Amene Ndinasiyira Sitela

Zopita ku Jeremani ndinazigamula m'munda wa kachewere wa mng'ono wanga Sitela, kwathu ku Bembeke, iye akukumba ine ndikutola. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa sayansi pa sekondale yoyendera, ndipo chipangizo chathu chachikulu chinali maginito amene ndinagulula m'sipika ya wailesi yakufa. Mwayi unali utapezeka woti ndikapitirize maphunziro uku ndikugwira ntchito mu labu ya yunivesite ina kumeneko. Chondigwira mwendo chinali chimodzi, mwana wanga Yankho wa zaka zinayi, amene bambo ake anali atatisiya kalekale n'kukakwatira ku Lilongwe. Ndalama zimene ankati azikandipatsa zinali za pakamwa pamodzi.

"Nanga mukuvutikiranji, achemwali?" anatero Sitela, osadzutsa ndi mutu womwe. "Yankho si mwana wanga kodi? Pitani. Zaka zitatu si zaka."

Ndinamuthokoza mpaka misozi. Lero ndikakumbukira ndimafuna kudzitsina. Zitatu zija zinatanuka ngati legeni mpaka kufika zisanu ndi zinayi, ndipo palibe amene anandikakamiza.

Ntchito imene ndinakaipeza ndi yovuta kufotokoza, ndipo ndayesapo kwa anthu ambiri, ena mpaka kugona ndikulankhula. Pali zinthu zimene magetsi amadutsamo, ngati waya wa kopa, ndi zina zimene sadutsamo, ngati pulasitiki wokutira wayayo. Ndiye pali mtundu wina wa timiyala timene timakana magetsi m'kati, koma pamwamba pake amayenda bwinobwino. Akatswiri amati topolojiko insuleta. Ukadula kamwalako pakati, pamene wadulapo pamasanduka pamwamba patsopano ndipo magetsi amayamba kuyendaponso, m'katimo muli chikanire. Timiyalati sitinkachita kukumba, tinkapanga tokha m'chimphika chachitsulo chochotsedwa mpweya wonse. Tinkatenthetsa zitsulo zotchedwa bisimati, antimoni ndi teluriyamu mpaka zisanduke nthunzi, nthunziyo n'kumakamatira pa kambale kochepa ngati chikhadabo cha mwana, pang'onopang'ono, mpaka pakhale kakhungu kopyapyala koti diso silingaone kukhuthala kwake.

Gawo langa linali lothiramo kiromiyamu, chitsulo chimene chimapatsa kamwalako mphamvu ya maginito. Ukathira bwino, njira ya pamwamba ija imatsekeka, magetsi amathawira m'mphepete mwenimweni, ndipo kumeneko amayenda mbali imodzi yokha, osabwerera m'mbuyo, osataya mphamvu, osatenthetsa kanthu. Anthu amalota kuti tsiku lina makompyuta ndi mafoni adzayendera zimenezi n'kusiya kutentha ndi kumwa batire. Koma kiromiyamu ali ngati soda mu therere, akachepa palibe chochitika, akachuluka waononga mphika wonse. Komanso samwazikana mofanana, amakonda kuunjikana apa, apo n'kusiyapo pambalambanda. N'chifukwa chake zodabwitsa zija zimangooneka kamwalako kakazizira kufika pafupi ndi mapeto a kuzizira konse, m'firiji yaitali kuposa munthu imene imatenga masiku kuti izizire. Ife tinkalimbana kuti zizioneka ngakhale kuzizirako kutachepako pang'ono. Ndinkamuuza Sitela kuti chisanu cha Dedza cha mu Juni, chimene timalira nacho, m'firiji imeneyo chingakhale moto wa uvuni ya njerwa.

"Ndiye mwala wanuwo wayaka?" Umu ndi mmene ankandifunsira nthawi zonse, akuseka. Foni yakeyo ankachajitsa pa sola ya mnzake, poti mapolo a magetsi m'mudzi mwathu anali asanafike.

Za kusungulumwa sindibisa. Ndinkakhala m'kachipinda ka pamwamba penipeni, denga lake lopendekeka moti ndikadzuka mofulumira ndinkadzigunda mutu. M'nyengo yachisanu ndinkalowa mu labu kusanache n'kutuluka kutada kale. Lamulungu ndinkapita ku Misa, m'tchalitchi chachikulu ngati sitediyamu, muli okalamba ochepa otalikirana, nyimbo ngati ya pamaliro. Potuluka aliyense ankangoloza kwawo. Panali masabata ena amene munthu yekha wondigwira dzanja anali woyandikana naye pa nthawi yopatsana mtendere.

Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, osaphonya. Feteleza, malata, yunifolomu, nsapato, zonse zinkachokera m'thumba mwanga, ndipo Sitela sanadyepo ndi tambala yomwe, zimenezo ndimuchitira umboni. Koma chithunzi chikabwera pa foni ndinkachikulitsa ndi zala n'kumachiyang'ana ngati wapolisi. Diresi ndi yanga, nsapato ndi zanga, maliboni ndi anga, koma miyendo imene mwanayo wakhalapo ndi ya Sitela. Mtima unkandiwawa ngati ndameza khala la moto, kenako n'kulemba kuti, "Mwatchena bwanji!"

Miyezi yoyamba Yankho ankalira akandiona pa foni, ankafuna kulowamo. Ine ndinkalira naye, koma kunena zoona kulira kwakeko kunkandikhazika mtima pansi. Kenako anasiya. Anayamba kuchita kuitanidwa kuchokera kosewera, ndipo tsiku lina ndinamva Sitela akufuula kuti, "Yankho, bwera udzalankhule ndi amayi a ku Jeremani!" Nditafunsa za dzina limeneli anati n'longosiyanitsira basi, kuti ana asamasokonezeke. Yankho anabwera, anandipatsa moni, anayankha za kusukulu, kenako anatembenukira kumbali n'kunena kuti, "Amayi, ndipite?" Amene ankapemphedwa chilolezoyo sindinali ine.

Mu labu namonso ndinali ndi wanga womuchitira nsanje. Dzina lake Katirini, mtsikana wa komweko, wamtima wabwino mochita kukwiyitsa. Ikangokwana nthawi yotsekera sukulu ya mkaka ankavula magolovesi, kaya ntchito ili pakati, n'kukwera njinga kukatenga mwana wake. Ine ndinkatsala ndi chimphika, ndikudziuza kuti amene akugwira ntchito yeniyeni ndine. Koma woyamba kuona zimene tonse tinkafuna anali iye. Anayesa njira imene anawerenga kwa akatswiri ena, yothira kiromiyamu wambiri pansi ndi pamwamba pokha, pakati n'kusiyapo. Atakaika kamwala kake m'firiji, mzere wa pa kompyuta umene unkagwederagwedera kwa tonsefe unangoti tambalala, kuima pa nambala yeniyeni imene mabuku amanena. Anthu anakuwa, ine ndinamukumbatira, kenako ndinapita kuchimbudzi kukatukwana m'Chichewa. Munthu mmodzi kukhala nazo zonse, mwana kumbuyo kwa njinga, mwala wakenso n'kuyaka!

Nsanje imeneyo ndi imene inandisainitsa kontirakiti yachiwiri. Apulofesa atandifunsa ngati ndingatsale nditamaliza digiri, ndinavomera asanatseke pakamwa. Sindikanabwerera kwathu ndi pepala lokha, kamwala kanga kasanachite zimene ka Katirini kanachita. Ndinaimbira Sitela ndili ndi mantha, ndipo pansi pa mtima ndinkafuna andikalipire, anene kuti mwana akukulirirani, bwerani. Iye anangoti, "Khalani, achemwali, kuno kulibe vuto. Mwana ali bwinobwino." Mawu okoma chonchi sanandipwetekepo chiyambire.

Pakatipa ndinabwerako kawiri kudzacheza. Yankho anandigwadira, kundipatsa moni dzanja lina litagwira pamkono, mwaulemu wake wonse wa kwa mlendo. Mphatso analandira, zikomo ananena, koma pogona ankakagona ndi ana a Sitela. Ukalistia wake woyamba unagwa nthawi ya mliri ija ndege zitaima, ndiye ndinaonera pa foni, chithunzi chikudukaduka. Ndinaona manja a Sitela akukonza kansalu koyera ka kumutu kamene ndinagula ine, n'kunyowetsa chala ndi malovu kupukuta china chake pa tsaya la mwanayo. Chala chimenecho ndinachiganizira sabata yathunthu.

Kamwala kanga kanadzayaka ndithu. Nditataya timbale tosawerengeka, tina kiromiyamu wachepa, tina wachuluka, tina ndathyola ndekha ndi kapani, mzere wanga nawo unagona tambalala, ndipo unakhalabe choncho firiji itafunda pang'ono kuposa pa nthawi ya Katirini. Pang'ono pake n'poti munthu wamba angaseke, koma kwa ife chinali chinthu. Ndinathamangira pakhonde kukaimba foni, mawu ndawakonzeratu: Sitela, wayaka! Anayankha motsitsa mawu, kumbuyo kukumveka ana akulira ndi mabeseni akugundana. Anali kuchipatala. Yankho anali atagonekedwa ndi chibayo kwa masiku angapo, Sitela akugona pansi pa bedi lake pa chitenje.

"Osandiuza bwanji?" ndinakuwa.

"Mukanatani muli kumeneko? Timati musadandaule. Wayamba kupezako bwino."

Ndisanayankhe ndinamva timawu tofooka tikuti, "Amayi, madzi." Sitela anati adzandiimbira, n'kudula. Za mwala sindinanene n'komwe. Tsiku lomwelo ndinauza apulofesa kuti kontirakiti imeneyi ikatha ndikupita kwathu, ngakhale kuti kumaliza zolemba ndi kuphunzitsa wolowa m'malo mwanga kunandidyeranso chaka ndi miyezi.

Ndinafika mu Okutobala, kukutentha, fumbi lili koboo m'misewu. Ntchito ndinali nditapeza yophunzitsa pa koleji ina ku Lilongwe, yoyamba mu Januwale, ndipo cholinga changa chinali chimodzi, kutenga Yankho tikakhale awiri. Miyezi yotsalayo ndinati ndikhale kumudzi, mwana andizolowere. Kunena mosabisa, ndinabwera kudzapikisana. Ndinkadzuka m'mawa kumuphikira tiyi wamkaka Sitela asanatuluke, ndinkamuperekeza mpaka pamsewu, ndinkamuthandiza masamu. Iye anali atatalika, wa zaka khumi ndi zitatu, mayendedwe a Sitela, kasekedwe ka Sitela, ngakhale kagwiridwe ka mpeni posenda kachewere kanali ka Sitela. Ine ankangonditi "inu". Dzina la amayi a ku Jeremani linali litatha ntchito poti ku Jeremani ndinali nditachokako, ndipo lina lolowa m'malo silinapezeke.

Tsiku lina ndinamuonetsa kamwala kamodzi mwa tolephera tija, kamene ndinabwera nako m'kabokosi ka pulasitiki. Ndinamufotokozera za m'kati mokana magetsi, za kiromiyamu, za njira ya m'mphepete. Sanayasamule ngati ena onse. Anakayang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Nanga mutatembenuza maginitowo, magetsiwo angayambe kuzungulira mbali inayo?" Ndinatsala pang'ono kuvina, chifukwa ndi mmene zimakhaliradi, ndipo ophunzira ena a ku yunivesite amachedwa kuzigwira. Mumtima ndinati mutu uwu wokha ndi wanga, Sitela sangaubereke. Ndisanamalize kunyada, mwana anali atanyamula kabokosi kaja akuthamangira kukhitchini. "Amayi, taonani mwala uja!"

Ndi Sitela tinakangana kamodzi kokha, ndipo wolakwa sanali iye. Ndinali nditamugulira Yankho buluku la jinzi, Sitela n'kunena kuti azivala akapita kutauni, kuno anthu alankhula. Ndinapsa mtima. Ndinati mwanayu ndinabereka ndine, ndipo avala zimene ine ndanena. Sitela anali akusankha mbewu ya kachewere pakhonde, yaikulu uku yaing'ono uku. "Ndani wakana, achemwali?" anatero, manja osaima. Kukangana ndi munthu wosabweza kumatopetsa. Buluku lija Yankho analipinda bwinobwino n'kuliika pansi pa sutikesi.

Ndiye m'mawa wina wa mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, ndinali kuseri kwa nyumba ndikuchapa. Sitela anali atalawirira kudimba. Yankho anabwera mwakachetechete n'kugwada chapatali pang'ono, maso ali pansi, akuoneka kuti walira. Anayamba ndi kupepesa, kenako anati m'mimba mukumupweteka ndipo waona zachilendo pa zovala zake. Ndinamva msanga. Ndinapukuta manja, kumulowetsa m'chipinda changa, kumupatsa zofunika, n'kumuuza kuti si matenda, wakula basi, ndipo mkazi aliyense amadutsa pomwepo. Ndinamufotokozera zonse bwinobwino mpaka mantha anamuchoka, anamwetulira, n'kutsamira mutu paphewa langa. Chibwerere changa anali asanandikhudzepo mwa kufuna kwake.

Mmene mtima wanga unavinira, Mulungu yekha ndiye adziwa. Nkhani yaikulu chonchi, mwana wadikira Sitela achoke n'kubwera kwa ine! Ndinati magazi ndi magazi, zaka zonsezi Sitela wangolera, pa tsiku lenileni mwana wadziwa mayi wake. Ndinayamba kale kuganiza mtundu wa makatani a chipinda chake ku Lilongwe.

Kenako Yankho anadzutsa mutu. "Ndiye amayi mukawauze ndinu," anatero. "Ine sindingawauze ndekha, si mwambo."

Chimene mkazi aliyense wa kwathu amadziwa, ine ndi madigiri anga ndinali nditachiiwala. Mtsikana akakula sauza mayi ake omubereka. Amapita kwa azakhali, kwa agogo, kapena kwa m'bale wa mayi ake, ndipo ameneyo ndi amene amanyamula uthenga kukatula kwa mayi. Inenso pa nthawi yanga ndinayenda mtunda kupita kwa alongo awo a bambo, mayi anga ndikuwasiya pakhomo. Yankho sanalakwitse kanthu. Anayang'ana pakhomo ponse, kufuna munthu wamkulu wapachibale amene si mayi ake, n'kupeza ine.

Ndinafuna kumugwedeza, kumuuza za maola amene ndinamva ululu pomubereka, za chipinda chopendekeka chija, za nsapato zonse zimene wavala chibadwire. Koma mwanayo ankandiyang'ana mondidalira, ndipo kudaliridwa kumeneko kunali kwenikweni, ngakhale sikunali kumene ndinabwerera. Ndinamuuza kuti agone, ndipita.

Njira ya kudimba imatsika phiri, ndipo tsiku limenelo inali yoterera. Ndinatsika pang'onopang'ono. Ku Jeremani ndinkaganiza kuti kwathu kuli ngati mmene ndinakusiyira, kuti malo anga andisungira, ndidzangofika n'kukhalapo. Koma kwathu sasunga malo opanda munthu. Mwana anafuna madzi, wina anamupatsa, ndipo mudzi wonse, tchalitchi, ngakhale mwanayo, anadziwa kalekale kuti mayi ndi uti. Wosadziwa ndinali ine ndekha.

Sitela ndinamupeza akuokera kabichi, keni yothirira ili pambali. Ndinakhala pansi pamzere, monga amachitira wobweretsa uthenga wotere, ngakhale iye ndi wamng'ono kwa ine. Atandiona nditakhala choncho anaweramuka.

"Kwagwanji, achemwali?"

"Ndatumidwa," ndinatero. "Mwana wako wakula."

Anagwira pakamwa ndi dzanja lamatope, misozi n'kuyamba kutsika. Anaseka, analira, anafunsa ngati mwanayo akumva kupweteka, ngati wadya, ngati ndamupatsa nsalu yofunda. Za mawu akuti "mwana wako" sanadabwe nawo, sanawakane, mwina sanawamve n'komwe kuti ndi achilendo. Anangoti, "Wachita bwino kubwera kwa inu. Ndinkada nkhawa kuti adzapita kwa ndani."

Ndinayang'ana timbande ta kabichi. Nkhani ya Januwale ndinali ndisanaikambepo ndi Sitela, chifukwa ndinkati munthu sapempha chake. Pamenepo ndinaikamba. Ndinati ku Lilongwe kuli sukulu zabwino, mwanayu ali ndi mutu wa sayansi, ndidzamusamala, tchuthi chilichonse azidzabwera. Ndinadzimva ndekha ndikulonjeza zinthu zimene amalonjeza munthu wodzapempha mwana wa eni, ndipo manja anga anali atagwirana okha.

"Ungandilole ndipite naye?" ndinafunsa.

Sitela anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kundiyang'ana nthawi yaitali, mopanda mkwiyo.

"Ndiganize kaye, achemwali," anatero. Anatola keni yake n'kutsikira kuchitsime.